Lendi Yokanidwa: Lipoti la Mlandu wa Chipinda cha Lendi ku Caloocan

Lipoti ili ndi la mlandu umene ndinayamba kuutsatira kumayambiriro kwa Malichi 2025, pa tebulo lothandiza anthu pa nkhani za malamulo limene timakhala nalo Loweruka lililonse pa parishi ina ku Caloocan, kumpoto kwa Manila. Ine si loya. Ntchito yanga ndi kumva nkhani, kusonkhanitsa mapepala, kulemba makalata ndi kuperekeza anthu. Pofunika kumasulira lamulo ndimafunsa loya amene amatithandiza mwaulere. Mayina ndawasiya dala. Mayi wochita lendi ndizimutchula Ate, mmene anthu a kuno amaitanira mkazi wokulirapo pa iwe, ndipo eni nyumba ndiziwatchula Nanay, kutanthauza amayi, chifukwa aliyense pamalopo amawaitana choncho.

Mmene nkhani inandipezera

Ate anabwera ndi dandaulo limodzi lokha: "Atidulira magetsi." Linali tsiku lachisanu ndi chimodzi ali mumdima. Amakhala ndi mwamuna wake, woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu, ndi ana awiri a pulayimale, m'chipinda chimodzi chokhala ndi kakhitchini ndi bafa, kuseli kwa nyumba ya Nanay. Zipinda zotere zilipo zinayi. Mita ya Meralco, kampani ya magetsi, ndi imodzi, ili m'dzina la eni nyumba, ndipo chipinda chilichonse chili ndi kamita kake kowerengera. Swichi ya chipinda chilichonse ili pakhonde la Nanay, m'kabokosi kachitsulo. Mwana wawo wamwamuna, amene anali atangobwera kumene kuchokera kukagwira ntchito ku Saudi Arabia, anazimitsa swichi ya Ate n'kukhoma loko pakabokosipo.

Madzulo ake ndinapita kukaona. Firiji inali yotsegula, m'kati muli timapulasitiki ta madzi a mango ndi a mkaka wa kokonati timene Ate amaumitsa n'kumagulitsa kwa ana a sukulu, tofanana ndi mafirizesi akwathu. Tonse tinali titasungunuka, tina titaphulika, fungo lowawasa lili thoo m'chipinda monse. Fani inali chete pamwamba pa kabati. Mwana wamng'ono anali kulemba ntchito ya kusukulu pakhomo, akuthamangitsana ndi kuwala kwa dzuwa lolowa. Amene anakhalapo ku Manila nyengo yotentha ikuyandikira akudziwa chimene chipinda chopanda fani chimatanthauza usiku.

Mbiri yake inali iyi. Banjali linalowa mu 2019 pa lendi ya mapeso 5,000 pamwezi. Linapereka lendi ya mwezi umodzi yolowera ndi dipoziti ya miyezi iwiri, mapeso 10,000. Panalibe mgwirizano wolembedwa. Umboni wonse unali kope la sukulu lachikuto chobiriwira, mmene Nanay ankalembamo tsiku ndi ndalama n'kusayina mwezi ndi mwezi. Pofika 2024 lendi inali 6,000. Mu Januwale 2025 mwana wa Nanay analengeza kuti kuyambira Febuluwale lendi ikhala 7,500, ndipo amene sakwanitsa apakire. Kumayambiriro kwa Febuluwale Ate anapita ndi 6,000 yake ndi kope lija. Nanay anatambasula dzanja, mwana wawo analibweza. Patapita masabata awiri ndi theka magetsi anazima.

Chimene ndinatsala pang'ono kuchiphonya

Pano ndiyenera kunena zoona za ntchito yanga. Tsiku loyambalo ndinathera nthawi yonse pa magetsi, chifukwa ndi zimene zinkaoneka ndi maso, ndipo mtima unali utandipsa. Ndinajambula loko, ndinawerenga timapulasitiki toonongeka, ndinalemba kalata yopempha kuti magetsi abwerere. Za lendi yokanidwa ndinangolemba mzere umodzi. Lolemba m'mawa nditawerengera loya wathu lipoti pafoni, anandidula pakati: "Anakana liti ndalamazo? Tsiku lenileni. Ndipo ndalamazo zili kuti?"

Ndalama zinali m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi, zitakulungidwa m'kapepala kolembedwa "upa", liwu la Chitagalogi lotanthauza lendi. Ate ankaona ngati wachita zonse zoyenera: ndalama sanadye, wazisunga, tsiku limene Nanay adzafewe mtima adzazipereka. Koma pamaso pa lamulo ndalama za m'chitini si lendi yolipidwa. Ndi ngongole imene ikungokula.

Lamulo loyang'anira lendi ku Philippines, Republic Act 9653 la chaka cha 2009, limatchula zifukwa zimene khoti lingatulutsire munthu m'nyumba ya lendi. Chimodzi mwa izo ndi ngongole ya lendi yokwana miyezi itatu. Mwini nyumba wofuna kuchotsa munthu angathe kungokana kulandira ndalama miyezi itatu, kenako n'kukanena kuti sakulipidwa. Olemba lamuloli anauona msampha umenewu, ndiye mu gawo 9 lomwelo anaikamo potulukira. Mwini nyumba akakana kulandira lendi, wochita lendi angakasiye ndalamazo kukhoti, kwa msungichuma wa mzinda, kwa mkulu wa barangay (dera laling'ono kwambiri la boma), kapena kubanki m'dzina la mwini nyumba ndipo mwiniyo adziwitsidwe. Koma achite zimenezi mwezi umodzi usanathe kuchokera tsiku limene ndalama zinakanidwa, ndipo kuyambira pamenepo azisiya lendi ya mwezi uliwonse masiku khumi oyambirira asanathe.

Titawerenga bwino, mwezi umodziwo unali utatsala ndi masiku awiri.

Ndinamufunsa Ate chifukwa chimene sanauzire wina aliyense kwa masabata onsewa. Anayankha ndi liwu limodzi, "hiya", limene ndi manyazi osakanikirana ndi ulemu. Nanay anamusungirapo ana pamene iye anagonekedwa m'chipatala. M'chaka cha 2020, mliri utatseka misewu ndipo mwamuna wake atakhala miyezi osanyamula munthu, Nanay anadikira lendi kupitirira masiku 30 amene boma linalamula, osanena liwu loipa. Afilipino amautcha "utang na loob", ngongole ya mumtima, ndipo siitha ndi ndalama. Kupita ku barangay ndi dzina la Nanay kunali kwa iye ngati kuwavula pagulu. Ndinaumvetsa mtima umenewu ndipo sindiunyoza. Koma akuluakulu kwathu anati manyazi anapha lambe, ndipo apa manyazi anatsala pang'ono kupatsa mwana wa Nanay chifukwa chokwanira chotulutsira banja lonse.

Kusiya ndalama

Tisanapite tinayamba tawerengera kuti tisiye zingati. Lamulo la 2009 linaika malire a 7 peresenti pachaka pa nyumba zimene lendi yake siipitirira mapeso 10,000 ku Metro Manila ndi m'mizinda ina ikuluikulu, malinga ngati wokhalamo ndi yemweyo. Kuchokera nthawi imeneyo boma lakhala likuwonjezera nthawi ya lamuloli ndi kusintha malirewo, ndipo masiku ano ntchitoyi ili m'manja mwa bungwe la boma la National Human Settlements Board. Malire a 2025 anali 2.3 peresenti. Pa lendi ya 6,000 ndiye kuti mapeso 138. Mwana wa Nanay ankafuna 1,500, kukweza kwa 25 peresenti.

Loya analangiza kuti tisasiye 6,000 koma 6,138, kuti pasapezeke wonena kuti Ate akukana ngakhale kukweza kololedwa. Ate anawonjezera 138 kuchokera m'thumba la ndiwo.

Lachiwiri m'mawa tinapita ku ofesi ya barangay. Barangay ndi dera laling'ono kwambiri la boma, lokhala ndi mkulu wosankhidwa amene anthu amamutcha kapitan. Wolandira anthu pa tebulo poyamba anakana, akuti ofesi si banki ndipo sanaonepo zotere. Sindinakangane naye. Ndinatulutsa pepala la lamulo ndi mzere umene ndinaudula kunsi ndi cholembera, n'kupempha kuti tidikire kapitan. Tinadikira maola awiri pabenchi. Kapitan atafika anawerenga, anaitana msungichuma wa barangay, ndalama zinawerengedwa pamaso pathu, ndipo lisiti inalembedwa: lendi ya Febuluwale 2025, mapeso 6,138, yosungidwa m'dzina la mwini nyumba amene anakana kuilandira. Popeza Malichi anali atayamba kale, Ate anabweranso Lachisanu ndi lendi ya mweziwo. Kalata yodziwitsa Nanay tinaitumiza pawiri: imodzi ndi tanod, mlonda wa barangay, amene anabwera ndi siginecha ya wolandira, ina pa positi yolembetsa.

Tsiku lomwelo Ate analembetsa dandaulo lake. Anasayina dzanja likunjenjemera.

Za magetsi

Apa panalibe chovuta kumasulira. Gawo 1654 la Civil Code, buku la malamulo a katundu ndi mapangano, limalamula mwini nyumba kuti wochita lendi akhale mwamtendere m'nyumbamo nthawi yonse ya lendi, ndipo Ate analibe ngongole ya magetsi. Ku Philippines mwini nyumba alibe mphamvu yodzitulutsira munthu yekha, kaya pokhoma chitseko, kutaya katundu panja, kapena kudula madzi ndi magetsi. Njira yake ndi imodzi: alembe kalata youza munthu kuti alipire ndi kutuluka, apite ku barangay, zikakanika akasume ku Metropolitan Trial Court, ndipo wotulutsa munthu ndi wantchito wa khoti atanyamula chigamulo. Kwathu ndinaonapo alandilodi akuzula chitseko kuti tenanti achoke yekha ndi kuzizira. Kuno chida chake ndi swichi, koma maganizo ake ndi omwewo.

Loya anatiuzanso kuti zochita zotere zingafike pa mlandu wa kukakamiza munthu mwa mphamvu, ndipo kuphwanya lamulo la lendi kuli ndi chindapusa cha mapeso 25,000 mpaka 50,000, kapena ndende ya mwezi umodzi ndi tsiku limodzi mpaka miyezi isanu ndi umodzi, kapena zonse ziwiri. Ndinamufotokozera Ate zonsezi. Anakana kuti tisatchule ndende m'kalata iliyonse yopita kwa Nanay. Ndinamumvera. Kapitan anatuma tanod madzulo omwewo, ndipo loko anachotsedwa pa tsiku la chisanu ndi chinayi.

Kumene ife tinali ofooka

Nkhani itafika apa Ate anayamba kuona ngati wapambana, ndipo inali ntchito yanga kumuuza zimene sankafuna kumva. Lamulo la lendi limateteza mtengo, koma silipatsa munthu nyumba mpaka kalekale. Chifukwa china chotulutsira munthu ndi kutha kwa nthawi ya mgwirizano. Pamene palibe nthawi yolembedwa ndipo lendi imalipidwa pamwezi, gawo 1687 la Civil Code limati mgwirizanowo ndi wa mwezi ndi mwezi, ndipo khoti lalikulu la dzikoli lakhala likugamula kuti mgwirizano wotere ungathe pakutha pa mwezi ngati mwini nyumba wapereka chidziwitso choyenera. Ndiye kuti mwana wa Nanay akanangosiya nkhanza n'kupeza loya wodekha, akanatha kutenga chipindacho mwalamulo. Zikanamutengera miyezi ndi ndalama, koma njira inalipo.

Ndipo chomukopa chinali poyera. Malire a 2.3 peresenti amagwira ntchito pa munthu amene ali kale m'nyumba. Chipinda chikangokhala chopanda munthu, mwini angaike mtengo uliwonse kwa wolowa watsopano. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene lamuloli limadontha kwambiri: munthu akakhalitsa m'nyumba, lendi yake imatsalira kumbuyo kwa mitengo ya pamsika, ndipo mwini amayamba kumuona ngati chipsinjo. Amene walipira mokhulupirika zaka zisanu ndi chimodzi ndi amene amafunidwa kuti achoke.

Kumbali ya Nanay kunalinso nkhani yoona, ndipo sindifuna lipoti ili liwapange chilombo. Ndi mayi wamasiye wa zaka za m'ma 70, wodwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Zipinda zinayizo ndiyo penshoni yawo. Denga linkadontha. Mwana wawo anabwera opanda ntchito, atazolowera kutumiza ndalama, tsopano akudya za amake, ndipo ankafuna kuonetsa kuti akuthandiza. Mapeso 138 sagula ngakhale mankhwala a sabata imodzi. Zimenezi sizilungamitsa loko uja, koma munthu wopita kukayanjanitsa anthu osazidziwa amangokawonjezera moto.

Pabwalo la barangay

Lamulo la maboma aang'ono la 1991, Republic Act 7160, limafuna kuti anthu okhala mumzinda umodzi ayambe akambirana ku barangay asanapite kukhoti. Kapitan amayesa kuwayanjanitsa kwa masiku 15. Zikakanika pamasankhidwa anthu atatu, otchedwa pangkat, amene amayesanso, ndipo zikakanikanso ndi pamene pamatuluka chikalata chololeza kukasuma. Maloya saloledwa kuyankhulira anthu pabwaloli, aliyense amadziyankhulira yekha. Zimafanana ndi bwalo la amfumu, kusiyana kwake n'kwakuti zogwirizana zimalembedwa ndipo zimakhala ndi mphamvu ya khoti.

Choncho ntchito yanga inathera pakhomo. Usiku wake tinakhala ndi Ate ndi mwamuna wake n'kukonza zinthu zitatu zoti anyamule: kope lobiriwira, malisiti a barangay, ndi pepala limodzi la zimene akufuna ndi zimene angalole. Zimene zinachitika m'kati ndinazimva kwa Ate ndi m'zolembedwa za bwalolo.

Pa msonkhano woyamba mwana wa Nanay ananena kuti banjali lili ndi ngongole ya miyezi iwiri. Kapitan anatsegula kabati n'kuika maenvulopu awiri patebulo. Nkhani ya ngongole inafera pomwepo. Kenako mwana wa Nanay anasintha: chipindacho akuchifuna kuti azikhalamo iye mwini. Chimenechi ndi chifukwa chololedwa, pakuti mwini nyumba angatenge nyumba yake kuti akhalemo iye kapena wachibale wake wapafupi. Koma chili ndi zingwe zake. Nthawi ya mgwirizano ikhale itatha, chidziwitso cholembedwa chiperekedwe kukadali miyezi itatu kuti munthu atuluke, ndipo kwa chaka chathunthu nyumbayo asaichititse lendi kwa wina. Atamva za chaka chopanda lendi, anakhala chete.

Pa msonkhano wachiwiri Nanay anayankhula okha. Ate akuti Nanay anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Anak, ine sindinafune kuti zifike kuno." Anak ndi mwana. Ate anayankha kuti, "Nanay, ndalama zanu sindinadye, zili apo. Ndikungopempha kuti ana atsirize sukulu tili pamalo amodzi."

Zimene anagwirizana

Mgwirizano unalembedwa m'Chitagalogi, chilankhulo chimene onse amamva, monga lamulo limafunira, ndipo kapitan anasayina ngati mboni. Nanay analandira maenvulopu onse. Lendi inakhala 6,138 mpaka Disembala, ndipo kukweza kwa chaka chotsatira kusapitirire malire a boma, amene a 2026 ndi 1 peresenti. Kwa nthawi yoyamba panalembedwa mgwirizano wa lendi wa chaka chimodzi, kuyambira Epulo 2025 mpaka kumapeto kwa Malichi 2026, nyengo imene ana amatsekera sukulu. Kabokosi ka maswichi sikadzakhomedwanso. Lisiti iziperekedwa mwezi uliwonse kuwonjezera pa kope lija.

Ndinamuuza Ate momveka kuti pepala la chaka chimodzi ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Limamuteteza miyezi khumi ndi iwiri, koma limaikanso tsiku limene Nanay angakane kuwonjezera popanda kupereka chifukwa. Anasankha chaka chodziwika m'malo mokhala mwezi ndi mwezi mtima uli m'mwamba. Ndikuganiza kuti anasankha bwino, ngakhale loya wathu ankafuna tikankhire zaka ziwiri.

Dipoziti inavuta pang'ono. Gawo 7 la lamulo la lendi limaletsa kufuna zoposa lendi ya mwezi umodzi yolowera ndi dipoziti ya miyezi iwiri, ndipo pa izi Nanay sanalakwe. Koma limanenanso kuti dipoziti isungidwe kubanki m'dzina la mwini nyumba nthawi yonse ya lendi, ndipo chiwongoladzanja chake chibwezedwe kwa wochita lendi potuluka. Nanay anavomera pamaso pa onse kuti mapeso 10,000 aja anathera pa maliro a amuna awo. Mu mgwirizano analemba kuti dipozitiyo ilipo ngati ngongole yawo, idzabwezedwa potuluka atachotsapo za magetsi, madzi ndi zoonongeka zenizeni. Ate anasiya chiwongoladzanja. Anasiyanso chipukutamisozi cha katundu wa mufiriji, chimene ine ndinali nditawerengera ndi kulemba. Zinandiwawa, chifukwa inali mpamba wake wonse wa bizinesi, koma nkhani inali yake.

Mgwirizano wa ku barangay umakhala ngati chigamulo cha khoti pakapita masiku khumi popanda wina kuukana, ndipo bwalolo lingaukakamize m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Kupitirira apo pamafunika khoti. Masiku khumi anadutsa popanda wokana. Tinali titakonzeka kumutumiza Ate ku Public Attorney's Office, kumene osauka amapeza loya waulere, koma sipanafunike.

Mmene zilili tsopano

Kuchokera pa mlanduwu ndinasintha pepala limene timafunsira anthu pa tebulo lathu. Funso loyamba kwa aliyense wa nkhani ya lendi tsopano ndi lakuti: lendi yomaliza munalipira liti, ndipo alipo amene anakana kulandira ndalama zanu? M'miyezi yotsatira funsoli linagwira anthu ena amene anabwera ndi madandaulo a madzi ndi a phokoso, ndalama ali nazo m'thumba osadziwa kuti masiku akuwathera.

Ndinapita komaliza kwa Ate mu Novembala 2025. Firiji ikulira, koma ili ndi theka chabe la katundu wakale. Nanay ndi Ate amapatsana moni ndipo ana amapitanso kukaonera wailesi yakanema kwa Nanay. Mwana wa Nanay samuyankhula Ate. Chipinda choyandikana nacho chinatuluka munthu mu Ogasiti, ndipo wolowa watsopano akulipira 7,500. Ate akudziwa tanthauzo la zimenezi. Wayamba kusunga mapeso 500 pamwezi m'chitini chija kuti akwanitse zolowera kwina, ndipo wandipempha kuti mu Januwale tilembe kalata yofunsa Nanay ngati adzawonjezere mgwirizano, kuti yankho lidzabwere kukadali miyezi iwiri kuti mgwirizano uthe. Fayilo ndaisiya yotsegula mpaka kumapeto kwa Malichi.